Kuphimba Diso Lamphamvu Kuti Lofooka Lione

Pa machiritso onse amene madokotala amalamula kuti azichitikira kunyumba, alipo ochepa amene amazunguza mutu wa kholo koposa awa akuti mwana wamng'ono, wongoyamba kumene kuyenda ndi kulankhula, aziphimbidwa diso tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, mwinanso kwa zaka. Ndipo chodabwitsa n'chakuti diso limene amati liphimbidwe si lodwalalo ayi, koma labwino lija, limene mwana amadalira pozindikira nkhope ya amake ndi njira ya pakhomo. Kholo lolandira lamulo lotere liyenera kudziwa chimene chavuta m'diso looneka langwiro, maola amene ali okwanira pa tsiku, ndiponso phindu limene misozi ya mwana idzabala. Pakuti pa machiritso amenewa dokotala amangolemba, koma wochiritsa weniweni ndi iye amene amamata chigamba m'mawa uliwonse.

Gwero la vuto

Mwana sabadwa akudziwa kale kuona. Diso limalandira kuwala, koma ntchito yosandutsa kuwalako kukhala chithunzi chozindikirika ili m'chigawo cha ubongo cha kunkhongo, ndipo mitsempha yochokera ku diso kunka ku chigawo chimenecho imakhwima pokhapokha ikamagwira ntchito m'zaka zoyamba za moyo, makamaka kuyambira pobadwa kufikira zaka 7 kapena 8. Tsono diso limodzi likamatumiza chithunzi chooneka bwino, linzake n'kumatumiza cha chimbuuzi kapena cholozera kwina, ubongo umasankha chabwinocho ndi kunyalanyaza chinacho, mpaka njira ya diso lonyalanyazidwalo itafota. Madokotala amatcha vutoli amblyopia, ndipo limapezeka mwa ana awiri kapena atatu pa ana 100 alionse. M'nkhani ino tidzingoti diso lofooka.

Ubongo umachita monga mayi wa ana awiri, wina wachangu, wina wochedwa, amene amatuma wachanguyo nthawi zonse kumsika, kumjigo ndi kuchigayo, kufikira wochedwa uja atakula wosadziwa ntchito iliyonse. Ndipo chigamba chili ngati kutumiza wachangu uja kwa agogo kwa kanthawi, kuti mayi akakamizike kutuma wotsalayo.

Zoyambitsa zake zilipo zitatu. Choyamba ndi diso lopotoka, loyang'ana cha kumphuno kapena cha kukhutu, limene ubongo umalitsekera kuti mwana asaone zinthu ziwiriziwiri. Chachiwiri ndi kusiyana mphamvu kwa maso, pamene limodzi lifuna galasi lamphamvu kuposa linzake. Ndipo ichi ndicho chobisika koposa, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti maso onse amaoneka owongoka, mwana amasewera ndi kuthamanga monga anzake, ndipo sadandaula konse popeza sadaonepo mwa mtundu wina. Chachitatu, chimene sichichitika kawirikawiri koma n'choopsa kuposa zonse, ndi chotchinga kuwala, monga ng'ala yobadwa nayo kapena chikope chogwa chophimba mwanadiso. Ng'ala ya diso limodzi imafuna opaleshoni khanda lisanapitirire milungu 6 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo ana otere ndiwo amavala chigamba zaka zambiri.

Pano m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene makolo amasokoneza. Chigamba sichiwongola diso lopotoka, ndipo opaleshoni yowongola diso siipatsa diso lofooka mphamvu yoona. Mwana wina amafuna zonse ziwiri, ndi magalasi omwe.

Mbiri ya machiritso

Nzeru yophimba diso labwino ndi yakalekale. Olemba mbiri ya zamankhwala amatchula Thabit ibn Qurra, katswiri wa ku Baghdad amene adamwalira mu 901, kuti adalangizapo zotere. Pambuyo pake Charles de Saint-Yves wa ku Paris adalemba za njirayi mu 1722, ndipo Buffon adaibwereza mu 1743. Mu 1903 Claud Worth wa ku London adatulutsa buku lake lonena za maso opotoka, m'mene adaonetsa kuti ana oyamba msanga ndiwo amapindula koposa. Koma onsewa adangoona kuti njirayo imathandiza, osatha kulongosola chifukwa chake.

Chifukwacho chidaululika m'zaka za m'ma 1960, pamene David Hubel ndi Torsten Wiesel, akugwira ntchito ku Harvard, adatseka diso limodzi la ana a mphaka kwa milungu ingapo, ndipo polemba mmene maselo a ubongo amayankhira adapeza kuti pafupifupi onse adasiya kumvera diso lotsekedwalo, ngakhale disolo lidali lopanda chilema. Mphaka wamkulu, atatsekedwa diso chimodzimodzi, sadasinthe motero. Pambuyo pake kudaonekanso kuti potsegula diso lofookalo ndi kutseka lamphamvu nthawi isanathe, ubongo udatha kubwerera kwa lija lidasiyidwa. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 1981, ndipo ntchito yawo idatsimikiza chimene makolo athu adachinena pa nkhani zina, kuti m'mera mpoyamba.

Kwa nthawi yaitali madokotala adaganiza kuti kuchuluka kwa maola ndiko kuchuluka kwa phindu, kotero ana ambiri adaphimbidwa diso kuyambira podzuka kufikira pogona. Lamulo la masiku amenewo lidali lakuti mwana wophimbidwa tsiku lonse aziyesedwa pakapita mlungu umodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, kuti wa zaka 2 abwerenso pakatha milungu 2, kuopa kuti diso labwino lingafookenso.

Maola angati

Funso la maola lidayesedwa mwadongosolo ndi gulu la madokotala a maso a ana la ku America lotchedwa Pediatric Eye Disease Investigator Group, limene lidayamba mu 1997. Mu 2003 gululi lidalengeza kuti pa ana 189 a zaka zoyambira 3 koma zosafika 7, amene diso lawo lidali lofooka mwapakatikati, olamulidwa maola 2 pa tsiku adapindula mofanana ndi olamulidwa maola 6, pakuti pakutha pa miyezi 4 magulu onse awiri adawonjeza kuwerenga mizere yoposa 2 pa chikwangwani choyesera maso. M'chaka chomwecho lidapezanso kuti pa ana ofooka diso kwambiri, maola 6 adachita ntchito yofanana ndi tsiku lonse. Mu 2013 lidaonetsa kuti mwana amene wasiya kupita patsogolo pa maola 2 atha kupindulanso akamkwezera kufika pa 6. Kuchokera pamenepo zipatala zambiri zimayamba ndi maola ochepa, n'kumawonjeza pokhapokha pakafunika.

Komabe nkhaniyo siidathere pomwepo, pakuti ofufuza a ku London, Catherine Stewart, Merrick Moseley ndi Alistair Fielder, adalumikiza kachipangizo ku chigamba kolemba nthawi yeniyeni imene chidakhala pa nkhope, ndipo mu 2004 adapeza kuti ana adavala pafupifupi theka lokha la maola amene adalamulidwa. Mu 2007 adayerekeza ana olamulidwa maola 6 ndi olamulidwa maola 12, ndipo oyambawo adavala maola 4 ndi pang'ono, enawo maola 6 ndi pang'ono, zotsatira zawo n'kufanana. Otsutsa amati kufanana kwa maola 2 ndi 6 kungakhale kudachokera pakuti magulu awiriwo sadasiyane kwenikweni kunyumba monga adasiyanirana pa pepala. Ndipo kutsutsa kumeneku kuli ndi maziko. Phunziro lake lenileni, monga tionera ife, n'lakuti ola lovalidwa ndilo lochiritsa, ndipo lamulo laling'ono losungika lipambana lalikulu losatheka.

Palinso malire ena oyenera kuwadziwa. Ana a m'kafukufuku yense tatchulayu adali a zaka 3 kunka m'tsogolo, otha kutchula zithunzi kapena zilembo. Kwa mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri dokotala amayesa poona mmene diso limatsatira chinthu, mmene mwana amakanira pophimbidwa mbali iyi kapena iyo, ndiponso ndi makadi a mizeremizere, ndipo muyeso wotere sulunjika kwenikweni. Ana ochotsedwa ng'ala ali ndi lamulo lawolawo lolemera: pa kafukufuku wa makanda 114 a ku America, makolo adauzidwa kuphimba ola limodzi pa tsiku pa mwezi uliwonse wa msinkhu wa khanda kufikira miyezi 8, ndipo kuchokera pamenepo theka la nthawi yonse imene mwana ali maso. Chotero kholo la mwana wa ng'ala lisamve za maola 2 n'kuchepetsa palokha.

Magalasi, mankhwala odontheza ndi masewera a pa kompyuta

Ngati mwana afunika magalasi, amenewo ndiwo oyamba, pakuti kuphimba diso labwino pamene lofookalo likuonabe mwachizimezime ndi kumsautsa mwana pachabe. Mu 2006 gulu la ku America lija lidapeza kuti pa ana osiyana mphamvu ya maso, oposa pang'ono mmodzi mwa anayi adachira ndi magalasi okha, ndipo ambiri mwa otsalawo adapitako patsogolo. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimadikira miyezi 3 kapena 4 zisanayambe chigamba. Koma kafukufuku wa m'maiko a ku Ulaya wotsogoleredwa kuchokera ku Leicester, wofalitsidwa mu 2024, adapeza kuti ana oyamba chigamba patangopita milungu 3 ya magalasi adachira ochuluka kuposa odikira milungu 18. Pa mfundo imeneyi akatswiri akadali pa mtsutso.

Njira ina ndi mankhwala odontheza otchedwa atropine, amene amaikidwa m'diso labwino kuti lisaone bwino zapafupi. Mu 2002, pa ana 419, atropine ndi chigamba zidapereka phindu loyandikana, pafupifupi mizere 3 pakutha pa miyezi 6, ngakhale chigamba chidafulumirako. Ndipo mu 2004 kudapezeka kuti kudontheza Loweruka ndi Lamlungu lokha kudafanana ndi kudontheza tsiku lililonse. Ubwino wake ngwakuti mwana sangachotse dontho. Kuipa kwake n'kwakuti mwanadiso amakula kotero kuti dzuwa limamthobwa, ana ena amafiira nkhope ndi kutentha thupi, ndipo botolo lake ndi poizoni ngati mwana alimwa. Pa masewera a pa kompyuta oonetsa diso lililonse chithunzi chake, kafukufuku wa 2016 adapeza kuti masewera a pa iPad sadapose maola 2 a chigamba, ndipo ana ambiri adatopa nawo. Mu 2021 bungwe loona za mankhwala ku America lidavomereza chipangizo chotchedwa Luminopia kwa ana a zaka 4 kufikira 7. Zimenezi n'zodula, ndipo si za mwana wa zaka ziwiri.

Chifukwa chimene mwana amakanira

Mwana akasenda chigamba ndi kudzigwetsa pansi, achikulire amafulumira kunena kuti ngwamakani. Koma tiyenera kulingalira chimene chamchitikira. Kanthawi kapitako amaona zonse, ndipo tsopano munthu amene amamkhulupirira koposa onse wamlowetsa mu nkhungu, m'mene sangathe kuzindikira nkhope kapena kutola kanthu pansi, popanda mawu alionse amene msinkhu wake ungamvetse. Kukana kwake n'kwanzeru. Ndiponso diso likakhala lofooka kwambiri nkhondo imakula, kotero kuti mwana wofunitsitsa chithandizo ndiye wovuta kuthandiza. Koma chotonthoza n'chakuti milungu yoyamba ndiyo yowawa, pakuti gawo lalikulu la phindu limadza m'miyezi yoyambirira, ndipo diso likayamba kuona, kulira kumachepa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi masautso amenewa amasiya chipsera mu mtima wa mwana? Ofufuza ku England adapeza kuti mabanja ambiri amavutikadi pa nthawi ya machiritso, koma sadaone kuti khalidwe la ana lidaonongeka. Ena ku Bristol adapeza kuti ana a sukulu ovala magalasi kapena amene adavalapo chigamba amatonzedwa ndi anzawo kuposa ena. Umboni umenewu ukankhira mbali imodzi, ndiyo yakuti ntchito ithe mwana asanayambe sukulu.

Ntchito ya pakhomo

Mwana wamng'ono sadziwa wotchi, koma amadziwa ndondomeko ya tsiku. Chotero chigamba chimangirizidwe ku zinthu zimene amazidziwa, monga kuvala atangosamba ndi kumwa phala, n'kuchotsa pa nsima ya masana, ndipo wochotsa akhale munthu wamkulu nthawi zonse, kuti mwana asaphunzire kuti kulira ndiko kumasula. Nthawi ya njala, ya tulo kapena ya malungo si nthawi yoyambira. Mphindi zoyamba manja ake apatsidwe ntchito, kaya kutola zitsekerero za mabotolo, kaya kuumba dothi, kaya kuona zithunzi ali pamiyendo. Ndipo pano kholo lisadzivute kufuna zoseweretsa za m'sitolo, pakuti kafukufuku wa 2008 adapeza kuti ntchito zoyang'ana pafupi sizidapose zoyang'ana patali. Chofunika n'chakuti mwana akhale maso ndi kuyang'ana. Ola limene wagona kumsana silowerengedwa. Akachotsa, chibwezedwe mofatsa, popanda kukalipa ndi popanda mkwapulo, chifukwa mwana womenyedwera chigamba adzachida masiku onse. Zipatala zina zimapereka zomangira zigongono kuti manja asafike kumaso, ndipo madokotala sagwirizana pa ubwino wake. Zisayesedwe popanda uphungu wawo.

Chigamba chomata chimaikidwa pa khungu, magalasi n'kubwera pamwamba. Chansalu chovekedwa pa magalasi n'chofewa ndiponso chochapika, koma mwana amasuzumira m'mbali mwake. Akamapendeketsa mutu kapena kutukula chibwano, dziwani kuti wapeza mpata, ndipo maola onsewo apita pachabe. M'nyengo yotentha ya Okutobala thukuta limasungunula ulimbo wake, kotero khungu lipukutidwe liume, lisadzoledwe mafuta chigamba chisanamatidwe, ndipo pochotsa chinyowetsedwe ndi madzi ofunda. Pakatuluka zidzolo dokotala atha kusintha mtundu wa chigamba kapena kupereka atropine. Kumene zigamba zenizeni sizipezeka, achipatala amaphunzitsa kupanga ndi kansalu ka gozi ndi pulasitala wofewa. Ndipo popeza mwana wophimbidwa saona bwino, asasiyidwe yekha pafupi ndi moto, chitsime, khonde lalitali kapena msewu.

Chovuta chachikulu nthawi zambiri si mwana, koma akuluakulu omzungulira. Agogo amamva chisoni n'kuchotsa mayi akapita kudimba. Bambo amati tsiku limodzi lilibe kanthu. Anansi amafunsa ngati mwana walasidwa m'diso, ena n'kuyamba kunong'ona za ufiti ndi kulangiza mankhwala azitsamba odontheza, amene achititsa khungu ana ambiri. Wina adzati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere im'fotere yekha. Koma mwambi umenewo ngwa zinthu zimene mwana angaphunzirepo n'kubwerera, pamene pano chofotacho ndi diso, ndipo phunziro lake lidzafika nthawi yokonza itatha. Mutu umodzi susenza denga: aliyense wolera mwanayo, kufikira mlezi ndi aphunzitsi a ku sukulu ya mkaka, amve kulongosola komweko, ndipo n'kwabwino kuti wokayika koposa onse aperekeze ku chipatala akadzimvere yekha.

Kumvetsa kuli ndi mphamvu imene idayesedwa. Ku Netherlands, mu 2006, ofufuza adapeza kuti ana amene makolo awo sadziwa bwino chinenero cha dzikolo adavala chigamba maola ochepa kuposa anzawo, ndipo kabuku ka zithunzi kopanda mawu, kolongosolera mwana mwiniyo chifukwa cha chigamba, kadakweza maola ovala. Kholo lili ndi ufulu wopempha kuti limve zonse m'chinenero chake, kaya lili ku Blantyre, kaya ku Johannesburg kapena Leicester.

Chotsiriza pa ntchito ya pakhomo ndi choonadi. Maola a tsiku lililonse alembedwe m'kope monga adachitikiradi, ndi masiku olephera omwe; pakuti kholo likachita manyazi n'kunena kuti mwana adavala maola 6 pamene adavala limodzi, dokotala adzaganiza kuti disolo lakanika, ndipo atha kuwonjeza maola osatheka kapena kuleka machiritso amene akadathandiza.

Kuleka kwake ndi zotsatira zake

Machiritso amalekedwa diso likafanana ndi linzake, kapena likaima osapita patsogolo pa maulendo angapo ngakhale chigamba chikuvalidwa mokhulupirika. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amabwerera m'mbuyo m'chaka choyamba, ndipo zimenezi zidaoneka kawirikawiri mwa ana amene adaleka mwadzidzidzi kuchokera pa maola 6 kapena 8, kusiyana ndi amene adayamba achepetsa kufika pa maola 2; chotero masiku obwerera ku chipatala asaphonyedwe, ndipo magalasi asavulidwe. Kufooka kwa diso labwino chifukwa cha chigamba kumachitika mwa apo ndi apo, makamaka mwa makanda, ndipo kumatha kukazindikirika msanga.

Si ana onse amene amafika poona mofanana maso onse awiri, ndipo luso loyesa kutalika kwa zinthu ndi maso awiri pamodzi silibwerera lonse mwa ambiri. Koma ana otsatiridwa kufikira zaka 15 adapezeka kuti ambiri adasunga phindu limene adapeza ali aang'ono. Ochedwa asataye mtima, pakuti mu 2005 ana oposa theka a zaka 7 kufikira 12 adapindula atalandira machiritso, ngakhale phindu lawo limachepa poyerekeza ndi la aang'ono. Ndipo wofunsa chifukwa chovutikira pamene diso limodzi likuona akumbuke kuti moyo ngwautali, ndipo mwala, chitsotso, ngozi ya pamsewu kapena matenda a ukalamba zitha kulanda diso labwinolo. Kafukufuku wa ku Rotterdam adapeza kuti munthu wa diso lofooka ali pa chiopsezo pafupifupi chowirikiza kawiri cha kudzavutika kuona ndi maso onse.

Mawu kwa makolo

Nkhani ino isachititse munthu aliyense kuphimba diso la mwana payekha, pakuti diso lopotoka kapena mwanadiso woyera zitha kukhala chizindikiro cha khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imapha ikachedwa kupezeka. Ku Malawi ana amathandizidwa ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth mu Blantyre, ndipo zigawo za maso ziliponso ku Kamuzu Central mu Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma. Inu amene mwana wanu akupotozabe diso atapitirira miyezi 4, kapena amalira pophimbidwa diso limodzi koma osalira pophimbidwa linalo, kapena muona choyera m'kati mwa mwanadiso, musadikire kuti akula nazo zitha. Nenani ku sikelo mlungu womwewo, ndipo pemphani kalata yopita kwa dokotala wa maso.